Ndapeza kaseti ya Gleaming the Cube m'katoni, alipo akuikumbuka?

Bondo_Lofooka:
Moni nonse pa gulu. Loweruka ndimathandiza amayi kutulutsa katundu m'chipinda chija chosungiramo zinthu, nde pansi pa katoni ya mabuku anga a sekondale ndapeza kaseti ya VHS ya Gleaming the Cube, ija ya 1989 ya Christian Slater. Chikuto chake mphemvu zinadya mbali imodzi, deki yoti ndiikemo palibe, basi ndinangoisaka pa intaneti usiku n'kuonera pa foni. Abale inu. Filimu imene ndinkamenyera nkhondo kusukulu kuti ilibe inzake, Loweruka ndimachita kubisa nkhope ndi manyazi. Anthu oipa a m'menemo ngosekesa, wapolisi uja palibe chomwe akuchita, nyimbo zake nazo eish. Koma atangofika pamene anyamata akutsetsereka pa skateboard m'dziwe losambiramo lopanda madzi lija mtima unayamba kugunda ngati ndili ndi zaka 13, mpaka ndinabwereza katatu madamu akudandaula kuti bandulo ikutha. Nde ndikufunseni, filimuyi inali yabwinodi kapena tinali ana osaona zambiri?

KaMphwanga2004:
Munali ana osaona zambiri achimwene kkkk. Ndinayesapo kuionera chaka chatha ndinagona isanafike pakati.

ChitsuloChaNjanji:
Funso lake losavuta. Ngati filimu ndi yoipa. Ndatha.

MadalaWaMaRamp:
Dikirani kaye musaiphe msanga. Poti ena muno munabadwa kaseti zitatha kale, ndifotokoze nkhani yake. Slater ndi Brian Kelly, mnyamata wosamva wa ku Orange County ku California, sukulu samaifuna, ntchito skateboard basi. Makolo ake analera mwana wina wochokera ku Vietnam dzina lake Vinh, uyo nde wanzeru, waulemu, wokondedwa pakhomo. Vinh akugwira ntchito kwa mkulu wina wachiVietnam yemwe ali ndi bungwe lonena kuti likutumiza mankhwala kwawo, nde powerengera mabuku a katundu akuona kuti manambala sakugwirizana, kumbuyo kwake kuli zida za nkhondo. Mapeto ake akupezeka atafa m'chipinda cha motelo, zokonzedwa kuti zioneke ngati wadzimangirira yekha. Apolisi akuvomereza, Brian akukana, n'kuyamba kufufuza yekha atakwera thabwa lake. Tsono mukati nkhani yake ndi yopanda mutu ine sindivomereza kwenikweni. Ku Orange County kuja kulidi dera lotchedwa Little Saigon komwe kunakhazikika anthu othawa kwawo Saigon itagwa mu 1975, ndipo filimu ya achinyamata ya nthawi imeneyo kulowa m'dera ngati limenelo sizinali zachizolowezi. Chomwe chinavuta ndi kusakaniza maliro ndi masewera, mphindi ino munthu akulira m'bale wake, mphindi inayo akudumpha galimoto.

KaMphwanga2004:
Madala mwalemba buku lonse koma mwavomereza nokha kuti zinavuta kkk

MadalaWaMaRamp:
Mphwanga ndati zinavuta, sindinati zinawola.

NaTayala:
Ine chomwe sindidzaiwala ndi poyambirira penipeni. Anyamata asonkherana ndalama, alipira woyendetsa kandege kuti awazungulitse m'mwamba pamwamba pa nyumba za anthu, iwo maso ali pansi kusaka maiwe osambiramo amene mulibe madzi. Ndili mwana ndinkaona ngati zopeka chabe, nditakula m'pomwe ndinamva kuti kusaka maiwe opanda madzi chinali chikhalidwe chenicheni kumeneko. Mu 1976 ndi 1977 ku California kunali chilala, anthu ambiri anasiya kuthira madzi m'maiwe awo, nde anyamata ngati Tony Alva ndi Jay Adams ankalumpha mipanda eni nyumba kulibe n'kumakatsetserekamo mpaka apolisi atulukire. Maiwe akumeneko ambiri pansi pake ndi pozungulira ngati mbale, osati amakona ngati ena aja, nchifukwa chake umatha kukwera khoma ndi matayala. Masewera onse okwera m'mwamba pa ramp, khoma lopindika lochita kupanga lija, anachokera m'menemo. Nde filimu ikayamba ndi zimenezo wadziwiratu kuti pali wina m'gulu lopanga amene amazidziwa zinthu.

MadalaWaMaRamp:
Analipodi achemwali. Stacy Peralta anagwira nawo ntchito pa mbali ya skateboard, ndipo iyeyo anali mmodzi wa anyamata omwe ankalumpha mipanda aja.

ChitsuloChaNjanji:
Mukungotamanda mphindi khumi pa filimu ya ola ndi theka kuposa. Ngati mukufuna filimu yakale ya skateboard yeniyeni onerani Thrashin' ya 1986. Josh Brolin ali kamnyamata, gulu la ma Daggers, mpikisano wotsika phiri kumapeto, ngakhale a Red Hot Chili Peppers akuimba m'menemo asanatchuke. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi matayala okhaokha, palibe zoti tizidikira wapolisi amalize kuyankhula.

Bondo_Lofooka:
Aise Thrashin' imeneyo si ija amamenyana atakwera ma skateboard akuzunguza zinthu pa tcheni ngati asilikali akale a pa hatchi? Nde ukuseka yangayi iwe?

ChitsuloChaNjanji:
Imeneyo kumene, ndipo pamenepo m'pokoma kkkkk. Kusiyana kwake nkwakuti yanga imadziwa kuti ndi yopusa, yakoyo imadziyesa yanzeru.

WaPaZingwangwa:
Inu mukukangana za Brolin ndi Slater, ine ndikukumbuka komwe tinkaonera. Kumbukirani kuti TV ya dziko lathu inayamba mu 1999, isanafike nthawi imeneyo ngati kwanu kunalibe deki unkapita ku vidiyo sho. Kachipinda ka malata, mazenera otseka ndi mabulangete, mabenchi a matabwa osapala, fungo la thukuta ndi zitumbuwa, pa khomo bolodi lolemba ndi choko mafilimu a tsikulo. Mwini wake ankaika za karate ndi za nkhondo basi chifukwa ndi zomwe zinkadzaza anthu. Tsiku lina kaseti ya karate inakana nde anaika iyi mongotsekera mpata, anthu akuluakulu anayamba kukuwa kuti bwezani ndalama zathu, ife ana atatu kutsogolo tinali duu pakamwa yasa. Tinali tisanaonepo munthu ataima pa thabwa n'kulidumphitsa popanda kuligwira ndi manja, tinkakangana mpaka kunyumba kuti nsapato zake anazimata ndi guluu kapena pali maginito.

NaTayala:
Maginito kkkkkk ifenso tinkatero!

KaMphwanga2004:
Ollie chabe imeneyo mpaka maginito? Koma munavutika.

WaPaZingwangwa:
Iwe ollie unaiphunzira pa YouTube munthu akukuonetsa pang'onopang'ono phazi liponde pati. Ife tinalibe wotiuza ngakhale dzina lake. Tinapita ku garaja kukapempha mabeyaring'i otha, tinakhomera pa thabwa la bokosi la sopo, phokoso lake pa msewu wa tala ngati chigayo, ukagunda kamwala kakang'ono thabwa limaima iwe n'kupitirira wekha. Chipsera chili pachibwano mpaka lero.

MadalaWaMaRamp:
Zimene munakumana nazozo nzomwe azungu okhawo anakumana nazo poyamba. Matayala oyambirira anali achitsulo, kenako a dongo louma, onse ankaima pa kamwala. Zinasintha cha m'ma 1972 ndi 1973 pomwe Frank Nasworthy anayamba kugulitsa matayala a urethane otchedwa Cadillac, ofewa, ogwira pansi. Popanda amenewo za m'maiwe zija sizikanatheka. Ollie nayo anaiyamba Alan Gelfand wa ku Florida cha m'ma 1978 koma pa khoma lopendekeka, amene anaitsitsira pansi posalala ndi Rodney Mullen kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Ndipo mphwanga KaMphwanga mvetsera apa, miyendo imene umaona ikuvinitsa thabwa mu Gleaming the Cube muja si ya Slater ayi, ndi ya Mullen yemweyo atavala ngati iye. Kickflip, kuja kodumphitsa thabwa n'kulitembenuza m'mwamba ndi phazi, imene umadzitama nayo pa gulu pano tsiku ndi tsiku mwini wake ndi ameneyo. Za pa ramp ndi m'dziwe ankamuimira Mike McGill, amene anayambitsa McTwist, kuja kozungulira kamodzi ndi theka uli m'mwamba, mu 1984.

KaMphwanga2004:
Mullen ndimamudziwa madala, sindinadziwe kuti ali m'menemo. Chabwino ndikaonanso pamenepo pokha.

ChitsuloChaNjanji:
Ukaonetsetse tsitsi lake, limasintha kamera ikatembenuka kkkk. Wigi yake yoonekeratu.

Bondo_Lofooka:
Zoona, Loweruka ndinaziona bwinobwino, pa sikirini ya vidiyo sho ija yodzaza mizere sizinkaoneka. Mwina nchifukwa chake tinkaikhulupirira, chithunzi chinali chosaoneka bwino nde mutu unkamalizitsa wokha.

Mai_a_Junior:
Pepani ndilowerere ngakhale sindine wa skateboard, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mwana wanga. Filimu imeneyi ine ndili nayo mangawa. Mchimwene wanga anaionera kwa anzake, mawa lake anabwereka thabwa n'kukagwira kumbuyo kwa lole ya mchenga pa chitunda kuti imukoke ngati mmene amachitira mnyamata uja kumapeto pogwira galimoto pa msewu waukulu. Lole itangosintha giya anapita pansi, dzanja kuthyoka pawiri, anakhala ndi chikhakha miyezi iwiri ndipo mayeso a Sitandade 8 analemba movutika. Bambo anatenga thabwa la eni ake lija n'kuliwaza ndi nkhwangwa, amayi anaphikira nyemba, kenako tinachita kulipira. Nde mukamati kukumbuka zakale ine ndimakumbuka fungo la kuchipatala. Pano mwana wanga akufuna skateboard pa Khirisimasi, ndimugulire kapena ayi?

NaTayala:
Mugulireni mayi, koma mugule ndi chipewa choteteza mutu ndi zotchinga m'manja ndi m'mawondo tsiku lomwelo. Zogwira galimoto zija nzoletsedwa ngakhale pakati pa ife eni ake, anthu amafa nazo. Ayambire pa simenti yosalala kopanda magalimoto, bwalo la netiboli likakhala lopanda anthu ndi labwino.

KaMphwanga2004:
Ndipo musagule za pulasitiki za m'mashopu a zidole zija, matayala ake sazungulira, mwana amagwa chifukwa cha thabwa osati chifukwa cha iye. Thabwa lenileni ndi la mtengo wotchedwa maple, timatabwa 7 tomatidwa pamodzi. Pa kaunjika nthawi zina zimapezeka, muzungulitse tayala ndi chala, likaima msanga mabeyaring'i atha koma amenewo amasinthika.

Mai_a_Junior:
Zikomo ana anga. Koma akathyoka ndibwera kudzakutengani pa gulu pompano.

WaPaZingwangwa:
Kuphikira nyemba skateboard kkkkkk bambo anu anali ndani koma

AdminiWotopa:
Za kugula mathabwa zili ndi malo ake, tabwererani ku filimu chonde.

Gogo_VHS:
Ndibwerere ine. Palibe amene watchula Tony Hawk mpaka pano? Ali m'menemo, wowonda ngati bango, dzina lake Buddy, amagwira ntchito yoperekera pizza ndipo amayendetsa kagalimoto ka Pizza Hut kokhala ndi denga lofiira pamwamba. Kumapeto akubwera nako pamwamba pa chitunda gulu lonse la anyamata likutsetsereka pambali pake. Nthawi imeneyo ife sitinkadziwa kuti ndi ndani. Patadutsa zaka khumi, mu 1999, anachita 900, kuzungulira kawiri ndi theka ali m'mwamba, pa mpikisano wa X Games ku San Francisco, chaka chomwecho inatuluka gemu yake ya pa PlayStation, nde tsiku lina ndikuonanso kaseti ndinakuwa kuti uyu si wa pizza uja! Tommy Guerrero nayenso ali m'gulu la anzake a Brian.

ChitsuloChaNjanji:
Tony Hawk mu Thrashin' alimonso, Caballero alimo, Hosoi alimo, Alva alimo. Mfundo imeneyo sikupatsani chigoli agogo.

Gogo_VHS:
Koma mwako muja sakuyendetsa galimoto ya pizza.

ChitsuloChaNjanji:
Apo mwandipeza kkkk

MadalaWaMaRamp:
Nonse awiri mukulimbana za mafilimu a Hollywood pomwe ya eni ake inalipo. The Search for Animal Chin, 1987, ya kampani ya Powell Peralta. Hawk, Caballero, McGill, Lance Mountain ndi Guerrero akuyendayenda kusaka nkhalamba ina yopeka, kuchita sewero sadziwa ngakhale pang'ono, amachita kuseka okha pakati pa mawu, koma skateboard yake ndi yeniyeni ndipo ramp ya kumapeto ija anthu amaikambabe. Ine ndinaiona mochedwa nditapita kale ku Joni, kwa mnzanga wina amene anali ndi mulu wa makaseti. Koma ndinene chilungamo, imeneyo inkafika kwa anthu amene anali kale m'masewerawa, inkagulitsidwa m'mashopu a skateboard. Mwana wa ku Zingwangwa sakanaipeza. Yomwe inkayenda mpaka kufika m'mavidiyo sho ndi ya Hollywood yokhala ndi mfuti ndi kuthamangitsana kwa magalimoto, chifukwa ogula makaseti ankayang'ana chikuto. Ku America komweko Gleaming the Cube m'makanema sinapange ndalama, inadzatchuka pambuyo pake pa kaseti ndi pa TV. Nde mfuti zomwe tikuzinyoza lerozi ndi zomwe zinainyamula kuifikitsa kwa ife.

Bondo_Lofooka:
Madala apa mwanena zomwe ndimalephera kuzifotokoza. Kaseti yangayi anabwera nayo asuweni anga ochokera ku Joni mu 1993 ndipo anagula poganiza kuti ndi ya zigawenga. Iwo anaionera kamodzi n'kuitaya, ine ndinaizungulitsa mpaka tepi inayamba kutafunidwa, ndinkatsegula kachitseko ka kaseti n'kuiwongola ndi bolopeni. Malo amene Mullen akuvinitsa thabwa aja chithunzi chinafufutika chifukwa chobwereza, pankangooneka chipale.

KaMphwanga2004:
Koma funso langa lenileni ndi ili, osakwiya. Inu akuluakulu mumati masiku ano skateboard yataya mzimu chifukwa yalowa mu Olympics, koma umboni wanu ndi filimu yomwe wosewera wake sankadziwa n'komwe kukwera bwino. Ku Tokyo mu 2021 Momiji Nishiya anatenga golide ali ndi zaka 13, Yuto Horigome naye golide, zomwe amachita ana amenewo pa masitepe ndi pa zitsulo palibe wa mu 1989 akanaziyerekeza. Nde chabwino nchiti, zenizeni za lero kapena zonamizira zakale?

NaTayala:
Palibe wanena kuti akale ankaposa a lero pa luso, usatiike mawu m'kamwa. Ngakhale mathabwa ake anali osiyana, a nthawi imeneyo anali otambalala pafupifupi mainchesi 10, mchira waukulu, mphuno kachidutswa chabe, m'mbali atamata timapulasitiki totsetserekera, kulemera ngati chitseko. Awa ofanana kutsogolo ndi kumbuyo amene ukukwera iwewa anabwera m'ma 1990. Chomwe ine ndimasowa ndi china. Mufilimu muja anyamata ali ndi kobisalira kwawo, mnzawo Yabbo ali ndi chipinda cha pansi pa nthaka chothawiramo mabomba chomwe anachisandutsa kokonzera mathabwa, akuluakulu sakuwafuna, apolisi akuwathamangitsa, iwo ali okhaokha. Ine ndinali mtsikana yekha pa gulu la anyamata asanu, azakhali ankati ndidzasowa banja, ndipo kunena zoona mufilimu muja mtsikana wokwera skateboard mulibe, ntchito ya mtsikana ndi kukondedwa basi, chimenecho chimandinyansa mpaka pano. Komabe ndinkadziona mwa anyamata osafunidwa aja. Kuno ku London ndikapita ku Southbank, pansi pa nyumba ija pomwe anthu akhala akutsetsereka kuyambira m'ma 1970, pomwe ankafuna kuikapo mashopu anthu n'kukana mpaka anapambana mu 2014, ndimapeza azibambo a imvi atakhala pa khoma ndi mathabwa otambalala akale aja. Ukangotchula filimuyi onse amaseka kaye kenako aliyense amayamba kufotokoza komwe anaionera.

KaMphwanga2004:
Chabwino achemwali ndamva. Koma atsikana pano ndi ambiri, ndipo ena amatiposa, nde apo lero lapambana.

NaTayala:
Apo sindikutsutsa.

Gogo_VHS:
Wina andikumbutse, mawu akuti gleaming the cube amatanthauza chiyani kwenikweni? Zaka zonsezi ndimangowatchula.

ChitsuloChaNjanji:
Mufilimu muja amawafotokoza ngati kufika pa malire ako enieni ukamakwera, koma ine pa moyo wanga sindinamvepo munthu wa skateboard akuwayankhula kunja kwa filimuyo. M'mayiko ena anaigulitsa ndi dzina lakuti A Brother's Justice, mwina anaona kuti palibe akumva.

WaPaZingwangwa:
Ife tinkangoti ya mnyamata wa ndolo. Ndipo ndolo imeneyo ndi tsitsi lake zinali nkhani, paja nthawi ya Kamuzu mwamuna kusunga tsitsi lalitali linali lamulo loletsa, nde kuona mnyamata wa ndolo akuyankha bambo ake mwamwano patebulo ife tinkachita mantha m'malo mwake. Pomwe anameta n'kuvala bwino kuti ayandikire mwana wamkazi wa mkulu uja, agogo ena kumbuyo anaomba m'manja kuti eya tsopano wakhala munthu kkkk

Bondo_Lofooka:
Kkkkk pamenepo ine ndinkakwiya, ndinkaona ngati watigulitsa.

Mai_a_Junior:
Agogo amenewo ndikugwirizana nawo.

MadalaWaMaRamp:
Bondo, kasetiyo usataye. Ngakhale yatafunidwa, iike mu pulasitiki kutali ndi chinyezi. Ine yanga inapita ndi katundu wina posamuka ndipo zimandiwawabe.

Bondo_Lofooka:
Sinditaya madala. Ndayankhula ndi munthu wina wokonza mawailesi kumsika akuti ali ndi deki yakale yomwe mwina ingadzuke akasintha lamba, nde ikatheka ndikufuna tidzaonere pa TV yakale ya chimimba ija, osati pa foni. Amene muli mu Blantyre ndikuuzani tsiku. KaMphwanga ubwere ndi thabwa lako udzationetse kickflip, ine bondo silindilolanso.

KaMphwanga2004:
Ndibwera koma mukandidyetse kaye, ndipo pofika pa wapolisi uja muthamangitse tepi.

ChitsuloChaNjanji:
Ine ndibwera pokhapokha ikatha tiike Thrashin'.

Bondo_Lofooka:
Kaseti yake uli nayo?

ChitsuloChaNjanji:
Ndilibe. Alipo ali nayo muno?